Mutu 5: Mbande Zimene Abambo Anasiya

1. Keni ya abambo

Dzina loti Kapitawo anamupatsa ndi abambo ake, iye ali kamtsikana kosatha n'komwe kunyamula keni yodzaza madzi. Ankaima pakati pa nazale, manja ali m'chiuno, n'kumauza akuluakulu kuti apa simunathirire bwino. Abambo ake ankaseka mpaka kukhala pansi. "Mwamva inu? Akapitawo alankhula!" Dzinalo linamukanirira, moti ngakhale kusekondale aphunzitsi ena ankamuitana choncho.

Koma chaka chimenechi Kapitawo sankalamulanso munthu. Sankaseka, sankakangana ndi anzake, ndiponso sankalira.

Abambo ake anamwalira kumayambiriro kwa chilimwe, paphiri laling'ono la kuseri kwa nyumba yawo. Ankadula bulugamu wakale wouma kuti akonze malo odzalapo paini. Mphepo inatembenuka, mtengowo n'kugwera kumene sankayembekezera. Amene anawapeza anali Kapitawo, atanyamula botolo la tiyi ndi buledi. Anatsika phirilo mosathamanga, anaika botololo patebulo, kenako n'kuuza amayi ake. Kuyambira tsiku limenelo sanakwerenso kumtundako. Akamatuluka m'nyumba ankayang'ana pansi kuti asalione phirilo.

Anthu obwera kudzapepesa ankanong'onezana kuti, "Mwana uyu ngolimba mtima." Anthu amakonda kuyamikira zinthu zimene sakuzimvetsa. Sikunali kulimba mtima ayi. Mtima wake unali utachita dzanzi, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, woti ngakhale uutsine sumva kanthu.

Abambo sanasiye zambiri: jombo, macheka, wilibala ya tayala lokhota, ndi nazale ya kuseri kwa khitchini. M'nazalemo munali mbande za paini mazana angapo, iliyonse m'kachubu kake kakuda kapulasitiki, zitandandalikidwa pansi pa shedi ya udzu. Njere zake anafesa okha. Dothi anasakaniza okha: katondo, mchenga wa kumtsinje, ndi dothi lina lokatapa pansi pa mapaini akale, lokhala ndi tiulusi toyera tonga ta bowa. Ankanena kuti popanda dothi limenelo mbande ya paini imachita chikasu n'kusiya kukula.

Kapitawo ankadziwa chinthu chimodzi: mbande zofesedwa ndi manja amenewo sizidzakhalakonso. Zikafa izi, ndiye kuti zatha.

Choncho ankathirira. M'mawa asanapite kusukulu, keni m'manja. Madzulo akaweruka, asanavule n'komwe yunifolomu, keni m'manja. Loweruka ndi Lamlungu ankawonjezera masana. Dzuwa likalowera pang'ono pa kamng'alu ka shedi, ankamweta udzu wina n'kutseka. Sankaziimbira mbandezo monga ankachitira abambo ake. Ankangothirira basi, madzi n'kumasefukira m'machubu mpaka kuyenderera pakhomo la khitchini.

"Udye kaye, mwanawe," amayi ake ankatero. Iwo ankalima ndiwo zamasamba kudimba, n'kumalawirira kumsika ndi dengu la kabichi. Nawonso maliro anali atawafoola, moti analibe mphamvu zolimbana ndi mwana.

Mbande zinakula msanga. Zinali zazitali, zobiriwira, zofewa, ndipo aliyense wodutsa ankaima n'kuyamikira.

2. Mlendo wosayamikira

Amene sanayamikire ndi azakhali ake, alongo awo a malemuwo. Azakhaliwa anagwira ntchito zaka zambiri m'nazale ya kampani ina yamatabwa, mpaka maondo anawakana. Ankayenda ndi ambulera yaikulu, osati poopa mvula koma ngati ndodo, ndipo polankhula sankadziwa kuzungulira.

Loweruka lina anafika, anapatsana moni ndi alamu awo, kenako n'kulunjika kuseri kwa khitchini. Anapisa chala m'kachubu kamodzi. Chala chinatuluka ndi matope. Anayesa kunyamula kachubu kena, koma kanakana. Atakoka mwamphamvu kunamveka kuduka kwa mizu. Inali itaboola pansi pa pulasitiki n'kulowa m'nthaka.

"Akapitawo," anatero azakhali, "kodi mwayamba kulima mpunga?"

Kapitawo sanaseke. "Zikukula bwino, azakhali."

"Zikukula bwino eti? Tabwera kuno." Anagwira mbande imodzi yaitali n'kuipinda pang'ono. Inawerama osadzukanso msanga. "Khala pandowa apo undimvere. Ine sindibwereza."

Kapitawo anakhala, keni ili pamiyendo.

"Mwana wa mchimwene wanga, paini si kabichi. Kabichi amakhala miyezi yochepa, mwini wake akumutumikira ndi keni tsiku ndi tsiku, kenako wapita kumsika. Paini ukamudzala wamudzala. Kumene akupitako kulibe keni, kulibe shedi, kulibe Kapitawo. Kuli dzuwa, kuli mphepo, ndiye pali masabata ena amene mvula imangodula, kumwamba kuli mbee. Mbande yozolowera kumwa katatu patsiku ikakafika kumeneko imafa sabata yoyamba. N'chifukwa chake mvula ikamayandikira timazikhwimitsa. Shedi timachotsa pang'onopang'ono. Madzi timachepetsa, dothi lizingonyowa osati kuchita matope. Mizu yotulukira pansiyi timadula ndi waya, kuti mbande iphuke timizu tambiri m'kati momwemo. Zimafota, inde. Ukaziona masana umachita kumva chisoni. Koma tsinde limalimba, limafiira, limauma bwino. Mbande yabwino sitalika ayi. Imakhala yaifupi, yojintcha, yosasangalatsa m'maso. Ngati izo."

Analoza ndi ambulera kumapeto kwa nazale. Kumeneko kunali mizere iwiri imene shedi sinkafikako, chifukwa abambo mitengo yomangira inawathera. Dzuwa linkaiwomba tsiku lonse, ndipo keni inkafikako madzi atatsala pang'ono. Mbande zake zinali zokwinimbira, nsonga zofiirira. Kapitawo ankachita nazo manyazi.

"Zimenezo n'zodwala," anatero.

"Zimenezo ndi zimene zili moyo. Zinazi ndi alendo a kuhotela, odikira kuwabweretsera tiyi pabedi."

Azakhali sanadikire chilolezo. Anakanganula theka la udzu wa pashedi. Kenako anayala thumba pansi, anagwada maondo akulira, n'kuyamba kudutsitsa waya pansi pa machubu, mzere ndi mzere. Kapitawo anaima chapatali akuonerera. Sanathandize, komanso sanaletse.

Mawa lake masana mbande zinazyolika. Nsonga zonse zinaloza pansi. Kapitawo anaziyang'ana kwa kanthawi, kenako anatenga chikwakwa n'kukamweta udzu. Pofika madzulo shedi inali itabwerera, yokhuthala kuposa kale, ndipo anathirira kawiri.

Amayi ake anaona zonsezo ali pakhomo la khitchini.

3. Maenje a m'chigwa

Malo a banjali anali ndi mbali ziwiri. Kumtunda kunali phiri lija, la dothi lofiira losakanikira ndi timiyala, lotsetsereka, lowombedwa ndi mphepo. Kumunsi, kupitirira dimba la amayi, kunali chigwa chathyathyathya cha dothi lakuda lamakande, chimene m'mawa chinkadzaza nkhungu.

Mvula yoyamba ija yongonunkhitsa fumbi Kapitawo anaisiya idutse, monga ankachitira abambo ake. Itagwa yeniyeni, yonyowetsa nthaka kufika m'chigongono, amayi anafunsa akumwa tiyi.

"Nanga udzala kuti, mwanawe?"

"M'chigwa."

Amayi anapumira m'mwamba. "Ndi bwino. Dothi lake lija ndi lachonde. Kabichi wanga wa m'mphepete mwakemo amachita kukula ngati mutu wa munthu. Kumtunda kuja kuli chiyani, miyala yokhayokha."

Aliyense anayang'ana m'kapu mwake. Onse awiri ankadziwa kuti nkhani sinali miyala.

Kapitawo anagwira ntchitoyo mosamala, tisamunamizire. Anakoka chingwe kuti mizere iwongoke. Anayeza mipata ndi ndodo ya abambo ake. Khasu linkalowa m'dothi lakudalo ngati likudula sopo, moti maenje anatha msanga. Tsiku lodzala anayamba kututa mbande pa wilibala, tayala likulira njira yonse.

Ali paulendo wachiwiri anapeza azakhali ataima m'chigwamo, atatsamira ambulera, amayi ali pambali pawo. Azakhali anawerama movutikira, anatapa dothi, analifinya m'manja n'kulipota. Linapoteka ngati chingwe osaduka.

"Tasuzumira m'dzenjemu," anatero. "Mvula inagwa dzulo m'mawa. Madziwa akudikira ndani?"

Pansi pa dzenjelo panalidi madzi, ali phee.

"Dothi ili ndi labwino, sindikukana. Funsa amayi akowa, limawadyetsa. Koma mvula ikagwa limamwa n'kutseka pakamwa, madzi osatsika, mpweya osalowa. Muzu nawo umapuma, mwanawe. Muzu wa paini ukakhala m'madzi masabata angapo umada, umaola, mtengo n'kumafa ndi ludzu uli chiimire m'madzi momwemo. Chilimwe chikafika dothi lomweli limauma gwa, limachita ming'alu yolowa dzanja, n'kudula timizu totsalato. Ndiye pali china chimene sukuchiona lero chifukwa kukutentha. Mpweya wozizira ndi wolemera, umayenda ngati madzi. Miyezi yozizira umatsetsereka m'phirimo n'kudzagona muno. Si umaiona nkhungu ija m'mawa? Pamene pagona nkhungu, chisanu chimagonanso pomwepo. Mtengo waukulu umapirira chifukwa mutu wake uli m'mwamba. Koma kamtengo kolekeza m'bondo, kofewa ngati takoti, chisanu chimakawaula kamodzi kokha, m'mawa n'kukapeza ngati wina wadutsa ndi moto. Kumtunda kuja dothi ndi lofiira, ndi losauka, ndi lovuta kukumba. Koma ndi lakuya, madzi amalowa n'kudutsa, ndipo chisanu sichikhazikika pamalo otsetsereka. Abambo ako sanali opusa posankha kumeneko. Anayenda malo onsewa ndi khasu, kukumba apa, kukumba apo, asanakhome ngakhale chikhomo chimodzi cholozera podzala."

"Mwanena nokha kuti izi n'zofewa," anatero Kapitawo. "Kumtunda zikapsa ndi dzuwa."

"Zina zikapsa, inde, chifukwa unabwezera shedi. Usaganize kuti sindinaone. Koma tikaziphimbira udzu m'tsinde, zambiri ndithu zikhoza kupulumuka. Muno sipulumuka ngakhale imodzi."

"Kumtunda sindipita."

Ananena mosakweza mawu, ngati munthu wonena kuti mchere watha.

Azakhali anamuyang'ana nthawi yaitali. Anathothola udzu n'kupukuta matope a m'zala.

"Anali mchimwene wanga asanakhale bambo wako," anatero pomaliza. "Ukuganiza kuti ineyo ndimaliyang'ana bwanji phiri limenelo?"

Kapitawo anagwada. Anang'amba pulasitiki ya kachubu koyamba, anaika mbande m'dzenje, anakwirira, n'kutsendera dothi ndi zikhatho.

"Alamu, musiyeni mwana," anatero amayi chapansipansi. "Bola akuchitako kanthu. Mukufuna azingokhala m'nyumba kuyang'ana khoma?"

"Chabwino, alamu. Mitengo ndi yake." Azakhali anatembenukira kwa Kapitawo. "Koma zodwala zija undipatse."

"Tengani."

Azakhali anabwereka beseni. Amayi ankawanyamulira kuchokera kunazale mpaka m'munsi mwa phiri, n'kutula pomwepo, chifukwa nawonso miyendo inkakana kupitirira. Kuchokera apo azakhali ankasenza okha. Masana onse Kapitawo ankamva nsonga ya ambulera ikugogoda miyala, kukwera, kutsika, kukweranso. Sanadzutse mutu.

Dzuwa litapendeka azakhali anadzakhala pa wilibala, mapazi atatupa.

"Ndadzala pamene pali zikhomo za mchimwene," anatero akupuma mwawefuwefu. "Koma undimvetse bwino. Maondo awa sakweranso phiri limenelo. Udzu ukamera sindikapalira. Ukauma sindikalambula njira yotchinga moto. Mbande zija zili kumeneko zokha, ndipo mwini wake si ine."

"Ndamva, azakhali."

Anamvadi, koma monga mmene munthu amamvera wailesi ya kwa aneba.

4. Chigwa chiyankha

Masabata oyamba chigwa chinaoneka ngati chikufuna kuwachititsa manyazi azakhali. Mbande zinaimirira, zinaphuka nsonga zatsopano, mizere ili biriwiri pa dothi lakuda. Anthu opita kumsika ankaima pamsewu n'kuloza.

"Waona?" anatero amayi. "Azakhali ako nawonso amangoopseza."

Kapitawo sanakondwe. Anangogwedeza mutu n'kupitiriza kupalira.

Kenako inabwera mvula yamvumbi, yogwa usana ndi usiku osapuma. Madzi otsika m'phiri anadzakumana m'chigwamo n'kukhala. Achule anasamukiramo ndi mabanja awo. Kapitawo anavala jombo za abambo ake, zimene zinkamuvuka paphazi lililonse, n'kukumba ngalande. Koma chigwa chathyathyathya chilibe kotsikira. Ngalandezo zinangodzaza, madzi n'kumamuyang'ana.

Timasamba ta m'munsi tinayamba kuchita chikasu. Amayi anati mwina ndi njala, ndipo anapereka manyowa a kudimba. Kapitawo anathira mtengo uliwonse. Chikasu chinapitirira kukwera. Apa ndi apo kamtengo kankafiira n'kuuma, ndipo iye ankangokadutsa, n'kupalira kotsatira.

Mvula itatha, timitengo toposa theka tinali tikadali moyo, ngakhale totuwa. Dothi linayamba kuuma ndi kung'aluka monga ananenera azakhali. Kapitawo anabwerera ku keni yake. Kusukulu mayeso anabwera n'kupita, iye n'kulemba zimene anakumbukira. Anzake anasiya kumuitana kumasewero.

"Mwina zitsitsimuka," amayi ankatero. Ankanena mawuwa akuyang'ana mwana, osati mitengo.

Azakhali anabwera kamodzi, koma sanatsikire kuchigwa. Anakhala pakhonde, anamwa tiyi, anadandaula za maondo, n'kunyamuka. Potsanzika anangoti, "Kwayamba kuzizira," basi.

Kumtunda udzu unakula kupitirira munthu, unachita maluwa, kenako unayamba kuuma. Kapitawo sanauone, chifukwa sankayang'anako.

5. M'mawa woyera

Tsiku lina kunacha kopanda mtambo, kopanda mphepo. Madzi a m'ndowa ankaluma zala. Kapitawo anavala juzi ya abambo ake pamwamba pa yake, anatenga keni, n'kutsikira kuchigwa.

Chigwa chonse chinali mbuu, ngati wina wawaza mchere. Udzu unkathyoka akauponda. Timitengo tinali chiimire, tokongola, kasamba kalikonse katavala zoyera. Kabichi wa amayi chakumtunda kwa dimba analibe vuto. Kapitawo anaika keni pansi n'kuima, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi.

Dzuwa linatuluka. Zoyera zija zinasungunuka, ndipo timasamba tinatsala tonyowa, tolendewera. Pofika masana mizere yonse inali itafiira kuyambira kunsonga.

Kapitawo anagwira kamtengo kamodzi n'kukoka pang'ono. Kanazuka mosavuta. Muzu unali wakuda, waufupi, wonunkha ngati madzi okhalitsa m'mgolo. Anazula kena. N'chimodzimodzi. Anayenda mzere wonse akuzula n'kumayala pansi mwadongosolo, mitu kumodzi, mizu kumodzi. Ankadikira kuti mwina tsopano chinachake chimupweteka m'chifuwa, koma kunalibe. Dzanzi lija linali pomwepo.

Amayi anabwera kuchokera kumsika, dengu lili pamutu. Ataona anatula denguyo n'kukhala pansi pomwepo, pa dothi.

"Mayo ine," anatero. "Zonse?"

"Zonse."

Kenako amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Nanga zija za azakhali ako?"

Kapitawo anayang'ana timitengo takufa tija, anayang'ana keni. Kenako, kwa nthawi yoyamba chimwalirire abambo ake, anadzutsa mutu n'kuyang'ana phiri. Linali phiri wamba, laling'ono, la udzu wouma.

Anasiya keni pomwepo n'kutola khasu.

"Ndikuperekeze?" anafunsa amayi.

"Ayi, amayi. Khalani."

6. Zikhomo

Kanjira kokwera kanali katatsekeka ndi udzu. Kapitawo ankaukankha ndi mpini wa khasu, maso ali pa mapazi ake. Miyala inkagubuduka kumbuyo kwake. Anafika pa chitsa cha bulugamu uja. Thunthu lake linali pomwepo, anthu atalidula zidutswazidutswa n'kulisiya. Anaima, anapuma, n'kulilambalala.

Chapatsogolo pang'ono phazi lake linagunda chikhomo. Chinali cha mtengo wosongoledwa ndi chikwanje, ndipo kumutu kwake kunali kansanza kabuluu. Anakazindikira. Kanali ka malaya akale a abambo ake, amene anang'ambika pamsana, ndipo mfundo yake inali yomwe ija ankamangira matumba.

Anagwada n'kupatula udzu ndi manja. Pambali pa chikhomocho panali kamtengo ka paini, kosafika n'komwe m'bondo. Tsinde linali lofiirira, lolimba. Masamba anali obiriwira moderako, ndipo chisanu sichinakakhudze ngakhale pang'ono. Anakakoka pang'ono monga anachitira ndi ta m'chigwa tija. Kanakana. Anakagwira ndi chikhatho chonse, timasamba n'kumubaya, ndipo anamva kuwawa.

Anakwawa kupita pa chikhomo chotsatira. Kamtengo kena. Chotsatira, kenanso. Tina tinali titafa, udzu utatitsamwitsa chifukwa chosowa wopalira, koma tambiri tinali moyo. Mizere iwiri ya azakhali inathera pa mwala wina waukulu.

Koma zikhomo sizinathere pomwepo. Kapitawo anaimirira pamwalapo n'kuona tinsanza tikusuzumira mu udzu, mzere pamwamba pa mzere, mpaka pansonga pa phiri. Malaya aja atatha, abambo anang'amba nsalu ina yofiira n'kupitiriza. Mbande iliyonse ya m'nazale muja anali ataikonzera malo ake. Zikhomo zinali chiimire miyezi yonseyi, padzuwa ndi pamvula, ndipo pambali pa chilichonse panalibe kanthu.

Apo dzanzi linatha. Linatha monga limathera m'mwendo, mopweteka. Kapitawo anakhala pansi, anakumbatira mpini wa khasu, n'kulira mokweza ngati kamwana.

"Abambo! Abambo inu, ndaziononga!"

Panalibe womutonthoza. Analira mpaka mawu anasasa. Atatopa anapukuta mamina ndi mkono wa juzi, anadzuka, n'kuyamba kupalira mozungulira kamtengo koyamba. Dothi lofiiralo linali lolimba, khasu linkadumpha pa timiyala, koma pansi pake linali lofewa ndi lozizira bwino. Anamaliza koyamba, anapita pa kachiwiri.

Ali pa kachitatu, kanthu kakuda kanatera pa dzanja lake. Anakakhudza ndi chala, n'kufumbutuka. Kanali kaphulusa ka udzu. Kenako kanagwa kena, ndi kenanso.

Anadzutsa mutu. Mphepo ya masana inali itayamba, ikuchokera kuseri kwa phiri, ndipo inkanunkha utsi. Pamwamba pa zikhomo zomalizira kumwamba kunali kutada. Wina anali atayatsa tchire kutsidya, ndipo pakati pa motowo ndi timitengo take panalibe njira yolambula ngakhale yotalika ngati mpini wa khasu. Panali udzu wouma wokhawokha.

Kumunsi, kutali, amayi anali chikhalire pambali pa dengu lawo. Pamsewu pankadutsa anthu ochokera kumsika.

Kapitawo anakwera pamwala paja, anaika manja m'chiuno, n'kukoka mpweya wonse.

"Amayi! Imitsani anthuwo! Abwere ndi makasu ndi nthambi zaziwisi! Musayende, thamangani!"

Amayi anadzidzimuka n'kuimirira. Mawu amenewo anali asanawamve chichokere amuna awo. Anasiya dengu pomwepo n'kuthamangira kumsewu, uku kuseri kwa phiri udzu ukuyamba kuthetheka.